Lamulo likuloleza kupanga zipolopolo pakhomo, koma silikunenapo za nyumba ya lendi

JOHANNESBURG — M'dziko la South Africa, munthu amene ali ndi laisensi ya mfuti amaloledwa kudzipangira yekha zipolopolo kunyumba kwake. Safunika chilolezo cha fakitale, ndipo lamulo silifunsa ngati nyumbayo ndi yake kapena ndi ya lendi.

Kusafunsa kumeneku ndiko kukuvutitsa mu mzinda wa Johannesburg, womwe kalembera wa m'chaka cha 2022 adapeza kuti uli ndi anthu pafupifupi 4.8 miliyoni. Anthu ochuluka mumzindawu amakhala m'nyumba za eni ake: m'mafulati a ku Hillbrow ndi Berea, m'nyumba zakale za ku Yeoville, Rosettenville, Turffontein ndi Mayfair zomwe zidagawidwa kukhala zipinda za lendi, ngakhalenso m'tizipinda ta kuseri kwa nyumba za anthu ochita bwino. Mwa iwowa muli nzika zambiri za Malawi, Mozambique, Zambia ndi Zimbabwe zomwe zidadza kudzafuna ntchito.

M'malo otere, khonde ndi limodzi, denga ndi limodzi, ndipo nthawi zina khitchini ndi imodzinso. Zomwe munthu mmodzi wasunga m'kabati yake zimakhudza onse a pakhomopo, kaya pa ngozi ya moto kapena pa tsiku lomwe apolisi adzagogode pachitseko.

Chipolopolo cha makono chili ndi zigawo zinayi: chikhokhombe cha mkuwa, wonga, kamutu komwe kamatuluka mfuti ikalira, ndi kachitsulo kakang'ono ka pansi koyatsira wongawo, komwe amalonda amakatcha primer. Mfuti ikawombedwa chikhokhombe chimatsala, ndipo chitha kugwiranso ntchito kangapo. Alenje ndi ochita masewera owombera chandamale amatola zikhokhombezo n'kuzidzazanso pa kachipangizo kopanira komwe amakamangirira pa tebulo. Amatero pofuna kupulumutsa ndalama, komanso pofuna zipolopolo zogwirizana bwino ndi mfuti yawo. Luso lake silitalikirana kwambiri ndi la alenje akale a gogodela omwe ankadziyezera okha wonga, kungoti lero pali sikelo, ndiponso pali malamulo.

Lamulo lalikulu ndi Firearms Control Act ya m'chaka cha 2000, yomwe idayamba kugwira ntchito yonse pa 1 July 2004 m'malo mwa lamulo la 1969. Gawo 45 la lamuloli limaletsa aliyense kupanga mfuti kapena zipolopolo popanda laisensi ya wopanga. Koma gawo 93 lidasiya khomo lotsekula: chiletsocho sichikhudza munthu wa laisensi amene akudzaza zipolopolo zoti agwiritse ntchito mu mfuti yake yomwe ili ndi laisensiyo.

Khomo limeneli ndi lopapatiza kuposa momwe ambiri amaganizira. Kudzazira mnzako, ngakhale mwaulere, sikuli m'gululi, ndipo kugulitsa ndiye mlandu woonekeratu. Gawo 93 lomweli limati munthu asakhale ndi ma primer oposa 2,400 pa mfuti iliyonse, pamene gawo 91 limaika malire a zipolopolo 200 pa mfuti iliyonse. Malirewa sakhudza alenje ndi ochita masewera omwe mabungwe ovomerezeka adawalemba ngati odzipereka pa ntchitoyo, kapena amene ofesi yolembetsa mfuti yawapatsa chilolezo chapadera. Wonga uli pansi pa lamulo lina, Explosives Act ya 1956, ndipo ndondomeko zake zimalola magalamu 600 pa laisensi iliyonse, koma onse pamodzi asapitirire magalamu 2,400.

Ufulu wonsewu wapachikika pa laisensi. Laisensi ya mfuti yodzitetezera imakhala zaka zisanu, ya alenje ndi amasewera zaka khumi, ndipo pempho lowonjezera nthawi liyenera kuperekedwa kutatsala masiku osachepera 90. Mu June 2018, pa mlandu wa pakati pa nduna yoona za chitetezo ndi bungwe la alenje la South African Hunters and Game Conservation Association, bwalo la Constitutional Court lidagamula kuti kukhala ndi mfuti si ufulu wachibadwidwe koma mwayi wolamulidwa ndi lamulo, ndipo kuti laisensi ikatha nthawi yatha basi. Kuyambira tsiku limenelo, tebulo lodzazira zipolopolo lomwe dzulo lake lidali lololedwa limasanduka umboni wa mlandu.

Mwininyumba ali ndi mawu, koma ayenera kuwalemba

M'magawo onsewa mulibe mawu akuti lendi. Nkhaniyi imagwera m'manja mwa pangano la pakati pa mwininyumba ndi wochita lendi, lomwe limayendera Rental Housing Act ya m'chaka cha 1999.

Lamuloli limaletsa mwininyumba kusala munthu kaamba ka mtundu, khungu, chipembedzo, chilankhulo, ulumali ndi zina zotero. Kukhala ndi mfuti sikudatchulidwe pa mndandandawo. Kotero mwininyumba atha kulemba m'pangano kuti m'nyumba yake musasungidwe wonga kapena zinthu zoyaka msanga, ndipo wosayina wadzimanga yekha, ngakhale akhale ndi malaisensi angati. Mapangano ambiri osindikizidwa kale omwe makampani obwereketsa nyumba amagwiritsa ntchito ali ndi ndime yoletsa kuchita chilichonse chomwe chingaononge kapena kukweza mtengo wa inshuwalansi ya nyumbayo. Ndimeyi sitchula zipolopolo, koma ndi yomwe mwininyumba angathamangireko akatulukira zomwe zikuchitika m'galaja.

Vuto ndi lakuti mapangano ochuluka a m'madera a anthu opeza pang'ono ndi apakamwa. Lamulo la 1999 limavomereza pangano lotere, ndipo limangoti mwininyumba alilembe ngati wochita lendi wapempha. Pamene palibe cholembedwa, palibenso chiletso chooneka. Chotsala ndi udindo wa masiku onse wa wochita lendi, wosamalira nyumba ndi kuigwiritsa ntchito pa cholinga chomwe adaibwerekera. Kaya kudzaza zipolopolo madzulo a Loweruka kuli mkati mwa cholinga chokhalamo kapena ayi, imeneyo ndi nkhani yoti maloya angakokanepo tsiku lonse.

Mwininyumba sangathenso kungolowa kukafufuza. Lamulo lomweli limapatsa wochita lendi ufulu wosasokonezedwa, ndipo limati kuyendera nyumba kuchitike pokhapokha atadziwitsidwa nthawi yabwino. Kusecha katundu wa munthu kapena kumulanda popanda chilolezo cha khoti n'koletsedwa.

Pali komabe malo amodzi pomwe wa mfuti sangamuzembe mwininyumba, ndipo ndi pa sefa. Ndondomeko za m'chaka cha 2004 zimalamula kuti mfuti ndi zipolopolo zisungidwe mu sefa yogwirizana ndi muyezo wa SABS 953-1, ndipo masefa ang'onoang'ono ogulidwa m'masitolo amayenera kumangiriridwa ndi mabawuti ku khoma kapena pansi. Wapolisi woona za mfuti pa siteshoni ya m'deralo atha kudzaona ngati zili choncho. Kuboola khoma la mwini popanda kupempha ndi kuphwanya mapangano ambiri a lendi, ndipo mabowowo adzaoneka pa tsiku lotuluka, pomwe mbali ziwirizo zimayendera nyumba pamodzi ndalama ya dipoziti isanabwezedwe. Akasamuka, wa laisensi ali ndi masiku 30 oti adziwitse ofesi yolembetsa mfuti za keyala yake yatsopano. Kwa munthu wa nyumba yakeyake izi ndi za kamodzi pa moyo. Kwa wa lendi, amene amasamuka mtengo ukangokwera, ndi ntchito yobwerezabwereza, ndipo apa ndi pomwe anthu osamala omwe amapunthwa.

M'mafulati ndi m'midadada ya nyumba zogawana mpanda muli wolamula wachitatu, lomwe ndi bungwe la eni nyumba. Malamulo a khalidwe omwe adabwera ndi Sectional Titles Schemes Management Act, yomwe idayamba kugwira ntchito mu October 2016, amati mwini kapena wokhalamo asasunge chinthu choyaka msanga popanda chilolezo cholembedwa cha matrasiti, pokhapokha chikhale cha ntchito za pakhomo. Gasi wophikira ndi mafuta a jenereta n'zololedwa. Wonga wa mfuti n'kovuta kuutchula chinthu cha ntchito za pakhomo. Malamulowa amamanga wochita lendi chimodzimodzi mwini fulati, ndipo mikangano yake imapita ku bungwe la Community Schemes Ombud Service.

Ngakhale wochita lendi ataphwanya zonsezi, sangatulutsidwe usiku womwewo. Pa mapangano a nthawi yoikika omwe ali pansi pa Consumer Protection Act, amayenera kupatsidwa masiku 20 ogwira ntchito kuti akonze cholakwacho. Gawo 26 la malamulo aakulu a dziko, pamodzi ndi lamulo la 1998 lodziwika kuti PIE, amaletsa kutulutsa munthu m'nyumba popanda chigamulo cha khoti. Kusintha maloko kapena kudula magetsi n'kulakwira lamulo, ndipo wochitiridwa zotere atha kukadandaula kwaulere ku Gauteng Rental Housing Tribunal. Bwaloli chigamulo chake chili ndi mphamvu ngati cha khoti la majisitireti, ngakhale kuti ilo lokha silingalamule kuti munthu atulutsidwe.

Amene alibe laisensi, koma amagona pansi pa denga lomwelo

Zonse zatchulidwazi ndi mkangano wa anthu awiri okhala ndi mapepala, wina a nyumba, wina a mfuti. Pali munthu wachitatu amene sakhala nawo pa tebulo la pangano, ndipo ndi iye amene lamulo lingamugwere molemera.

Gawo loyamba la Firearms Control Act limamasulira mawu akuti zipolopolo mophatikiza chipolopolo chathunthu komanso primer payokha. Kachitsulo kochepa kuposa njere ya chimanga, komwe kangagwe pa tebulo n'kugubudukira pansi pa kabati, pamaso pa lamulo n'chimodzimodzi chipolopolo. Gawo 90 limaletsa aliyense wopanda laisensi kapena chilolezo kukhala ndi zipolopolo, ndipo chilango chake chitha kufika zaka 15 m'ndende.

Kenaka pali gawo 117. Ngati mfuti kapena zipolopolo zapezeka pa malo okhala anthu, ndipo boma laonetsa kuti layesetsa koma lalephera kudziwa motsimikiza mwini wake, khoti litha kutenga ngati umboni wokwanira chakuti woimbidwa mlanduyo ndiye ankayang'anira malowo, kapena kuti ndi woposa zaka 16 ndipo amakhala pamalopo nthawi zonse. Woimbidwa mlanduyo ndiye ayenera kubweretsa umboni wodzetsa chikaiko.

Ndimeyi idalembedwa mosamala chifukwa cha mbiri yake. M'chaka cha 1996, pa mlandu wa Mbatha ndi Prinsloo, bwalo la Constitutional Court lidathetsa ndime ya m'lamulo la 1969 yomwe inkamuyesa wolakwa aliyense wopezeka pa malo pomwe papezeka mfuti, kufikira iye mwini atadziyeretsa. Lamulo latsopano lidafewetsa zimenezo, ndipo pomwe wa laisensi alipo ndipo akuvomera kuti katunduyo ndi wake, ena onse alibe chowopa. Koma nyumba za lendi sizikhala ndi anthu omwewo chaka ndi chaka. Wodzaza zipolopolo atha kusamuka n'kuiwala kabokosi kuseri kwa shelefu kapena m'denga. Wolowa pambuyo pake sadziwa kanthu. Ngati laisensi ya mwini katunduyo idatha, iye alibe chifukwa chodzaonekera kupolisi kudzavomera.

Kwa anthu ochokera maiko oyandikana nawo, nkhaniyi ndi yolemera kawiri. Gawo 9 la lamuloli limati chiphaso chosonyeza kuti munthu ndi woyenera kusunga mfuti, chomwe ndi poyambira pa pempho la laisensi, chiperekedwe kwa nzika ya South Africa kapena munthu wa chilolezo chokhazikika m'dzikomo, ndipo kawirikawiri akhale wa zaka 21 kapena kuposerapo. Mmalawi wogwira ntchito ya m'munda wa maluwa ku Randburg, kapena mayi wa ku Tete wosesa m'nyumba ku Kensington, amene ali ndi chilolezo cha kanthawi kapena alibiretu, sangapeze laisensi yomuloleza kukhala ndi chipolopolo. Komatu ndi iye amene amasesa galajayo, amene amataya zinyalala, amene amagona m'kachipinda koyandikana ndi pomwe pali tebulolo. Chikhokhombe chopanda kanthu si chipolopolo malinga ndi lamulo, koma munthu amene sadagwirepo mfuti sangasiyanitse msanga chowombedwa kale ndi chomwe chaikidwa primer yatsopano, ndipo wapolisi wa pamsewu si amene angamuphunzitse. Ngakhale mlandu utadzathera poyera, munthu wopanda mapepala okwanira akangolowa m'chitokosi amakumana ndi nkhani ina, ya olowa ndi otuluka, yomwe mathero ake amakhala ku Lindela, malo osungirako oyembekeza kubwezedwa kwawo kufupi ndi Krugersdorp.

Za moto

Odzaza zipolopolo amanena, ndipo sakunama, kuti wonga wa makono ukakhala poyera umayaka mwamphamvu koma suphulika ngati bomba. Umaopsa ukatsekeredwa m'chinthu cholimba, n'chifukwa chake odziwa amalangiza kuti usasungidwe m'bokosi lachitsulo lotsekeka kolimba. Ma primer ndiwo sachedwa kupsa mtima akagundidwa kapena akatenthedwa, makamaka akaunjikidwa pamodzi kunja kwa timapaketi tawo. Ambiri mwa iwo ali ndi mtovu, ndipo fumbi lake si labwino m'chipinda chomwe ana amakwawamo. Kuopsa kwa ntchitoyi kudaoneka ngakhale pa malo a akatswiri: pa 3 September 2018 antchito asanu ndi atatu adafa pa kuphulika kwa pa fakitale ya Rheinmetall Denel Munition kufupi ndi Somerset West, komwe kumapangidwa wonga wa mtundu wa Somchem.

Makilogalamu awiri a wonga m'nyumba ya njerwa yokhala payokha si chinthu chodetsa nkhawa kuposa botolo la gasi. M'nyumba yogawidwa ndi matabwa ndi makatoni, ya makomo otulukira otsekedwa ndi maunyolo, nkhani ndi ina. Mzinda wa Johannesburg ukudziwa momwe nyumba zotere zimapsera. Pa 31 August 2023 moto udapha anthu 76 m'nyumba ya Usindiso pa 80 Albert Street ku Marshalltown, ndipo 20 mwa omwe adazindikiridwa adali Amalawi. Motowo sudayambe ndi wonga. Koma komiti yofufuza yotsogozedwa ndi woweruza wopuma Sisi Khampepe idapeza m'chaka cha 2024 kuti khonsolo ya mzindawu, yomwe ndi mwini nyumbayo, idalephera kutsatira ndi kukhwimitsa malamulo ake omwe a chitetezo. Khonsolo yomwe idalephera kuona makomo otsekedwa m'nyumba yakeyake, pakati penipeni pa mzinda, n'kovuta kuyembekezera kuti idzayeza magalamu a wonga m'chipinda cha munthu.

Kuletseratu, kapena kukonza mpata

Boma lidayesapo kudula nkhaniyi pa tsinde. Mu May 2021, Bheki Cele ali nduna ya apolisi, ofesi ya Civilian Secretariat for Police Service idafalitsa bilu yosintha lamulo la mfuti. Mwa zina, biluyo inkafuna kuchotsa kudziteteza pa zifukwa zopezera laisensi, kutsitsa malire a zipolopolo kuchoka pa 200 kufika pa 100, ndi kuthetseratu ufulu wodzidzazira zipolopolo. Anthu adatumiza ndemanga zoposa 100,000, zambiri zotsutsa, ndipo pofika kumapeto kwa 2024 biluyo idali isanakhale lamulo.

Ofuna kukhwimitsa malamulo, monga bungwe la Gun Free South Africa, ali ndi ziwerengero kumbali yawo. M'chaka cha boma cha 2022/23 apolisi adalemba milandu ya kupha yoposa 27,000, ndipo mfuti ndi chida chomwe chimatchulidwa kwambiri. Chipolopolo chogulidwa m'sitolo chimalowa m'kaundula wa wogulitsa, pamene chodzazidwa pakhomo sichilembedwa paliponse. Dziko la South Africa lilinso m'pangano la SADC loyang'anira mfuti, zipolopolo ndi zipangizo zake, lomwe lidasayinidwa ku Blantyre mu August 2001 n'kuyamba kugwira ntchito m'chaka cha 2004, ndipo panganoli limafuna kuti maiko aziyang'anira kapangidwe ndi kasungidwe ka zinthuzi.

Mabungwe a eni mfuti, monga Gun Owners of South Africa, amayankha kuti chibowo chachikulu chili m'manja mwa boma lomwe. Chitsanzo chomwe satopa kuchitchula ndi cha Christiaan Prinsloo, mkulu wa apolisi wa ku Vereeniging amene m'chaka cha 2016 adalamulidwa kukhala m'ndende zaka 18 kaamba kogulitsa mfuti zoposa 2,000 zomwe zimayenera kuphwanyidwa, zambiri mwa izo n'kukathera kwa zigawenga za ku Cape Flats. Pa mfundo iyi akunena zomveka: chigawenga sichikhala pansi ndi sikelo kuyeza wonga pomwe zipolopolo zakuba zikupezeka.

Koma mbali zonse ziwiri zikukangana za umbanda, ndipo palibe yomwe ikukamba za khonde logawana. Bilu ya 2021 ikadathetsa vuto la nyumba za lendi pothetsa ntchito yonseyo, kulanga mlenje wa pa famu ku Limpopo chifukwa cha zomwe zingachitike pa fulati ku Berea. Lamulo lomwe lilipo nalo lidalembedwa ndi chithunzi cha munthu mmodzi, nyumba yake, galaja yake ndi mpanda wake. Pakati pa ziwirizi pali zinthu zing'onozing'ono zomwe sizifuna nkhondo ya m'Nyumba ya Malamulo. Ndondomeko zikadatha kunena kuti wodzaza zipolopolo m'nyumba ya lendi asonyeze kalata ya mwininyumba, monga momwe matrasiti a m'mafulati amafunira kale chilolezo cholembedwa. Wapolisi wodzaona sefa akadatha kuonanso komwe wonga ukukhala ndi kufunsa kuti pakhomopo pamagona anthu angati. Kuyendera nyumba kwa pa tsiku lotuluka, komwe lamulo la lendi limalamula kale, kukadatha kuphatikiza kalata yosayinidwa yoti palibe chipolopolo chomwe chatsala.

Pakadali pano chomwe wolowa m'chipinda chatsopano ali nacho ndi gawo 5 la Rental Housing Act. Limamupatsa mphamvu youza mwininyumba kuti pangano lilembedwe, kuti malamulo a pakhomopo amatidwe ku panganolo, ndi kuti ayendere limodzi chipindacho asanalowetse katundu, zolakwika zonse n'kulembedwa pa pepala. Lamuloli silifunsa pasipoti ya wochita lendi. Wopeza chipolopolo m'kabati kapena m'denga pa tsikulo ayenera kuchisiya pomwepo osachigwira, aonetse mwininyumba, ndipo apolisi adziwitsidwe iye asanagonemo usiku woyamba.